Zimene Unanena Pamaliro a Yohane

Kwa Mwambo
Lachinayi masana

Esinati mwana wanga,

Kuyambira Loweruka sukundilankhula, kupatula kundipatsa moni ndi kundiikira madzi osamba, ndiye ndaona kuti ndikulembere. Panopa wapita ndi amayi ako kukatsanzikana ndi azakhali ako, ine ndatsala ndekha pakhonde ndi nkhuku. Kalatayi ndiyika m'sutikesi yako, pakati pa bulangeti ndi mayunifolomu. Usayiwerengere mu basi. Ukayiwerenge ukafika ku Blantyre, uli wekha, ndipo ukamaliza uyiwotche. Sindikuseka. Kung'amba sikokwanira, mapepala ong'ambika munthu akafuna amawalumikiza.

Ndiyambe ndi chimene wakhala ukudikira kuti ndinene. Sunaname. Yohane, mwana wa a Nasibeko, anafa ndi njala. Ndinamuona masabata awiri asanamwalire atakhala pansi pa mtengo wa mango wa kwawo, miyendo itatupikana, tsitsi litafiira ndi kupepuka, ndipo nditamudina pamwendo chala changa chinasiya dzenje. Malungo satero. Pakhomo paja akhala akudya nyika, mizu ija ya zomera za m'madzi yokumba kudambo, kuyambira Khirisimasi, ndipo mudzi wonse ukudziwa, chifukwa ambiri akukumba nawo. Choncho pamene a Nakoma, tcheyamani wathu wa chipani, anaimirira pamaliro paja nkunena kuti mwanayo watengedwa ndi malungo, ndi kuti tiziyamika poti m'dziko muno mulibe wogona ndi njala, ananama. Aliyense amene anali pamenepo ankadziwa kuti akunama, ndipo aliyense anaweramitsa mutu. Iwe wekha, uli pakati pa azimayi pafupi ndi siwa, unati, "Malungo ake ati? Mwanayu anatupa ndi njala." Sunakuwe, koma pamaliro pamakhala zii, moti mawu ako anakafika mpaka kwa adzukulu.

Titafika kunyumba ndinakukalipira, ndipo unandiyang'ana ngati munthu amene wapeza kuti bambo ake ndi amantha. Unati, "Ababa, si inu munandiphunzitsa kuti ndisamanene chimene sindinaone, ndipo chimene ndaona ndisamachikane?" Ndine ndithu. Ndakhala ndikuphunzitsa ana a eni zimenezo zaka zambiri. Koma pali zina zimene sindinakuphunzitse chifukwa zinkandichititsa manyazi, ndipo tsopano ndaona kuti kubisa kwangako kwakulera munthu wodziwa choonadi koma wosadziwa kumene chimakagwera chikachoka pakamwa.

Kodi ukudziwa kumene mawu ako anakagwera? Iwe Lolemba unali kuchapa ndi kusita zovala zaulendo. Tsiku lomwelo anyamata a chipani atatu anapita kwa a Nasibeko, mayi amene waika mwana wake dzana, asanamete nkomwe. Anakawafunsa kuti ndani wakhala akuuza anthu kuti pakhomo pawo pali njala. Mayi aja anagwada pabwalo pawo nkulumbira kuti Yohane ankadya katatu pa tsiku. Taganiza zimenezo, Esinati. Anawalumbiritsa bodza pa mwana wawo yemwe, pamaso pa ana otsalawo amene anali asanadye kanthu tsiku limenelo. Ndiponso usaiwale kuti kwathu kuno ukanena pagulu kuti mwana wafa ndi njala, anthu samva kuti boma lalephera. Amamva kuti mayi wake walephera. Iwe unkalasa a Nakoma, koma amene anapweteka ndi a Nasibeko. Ichi ndicho chinandikwiyitsa, ndipo chikundikwiyitsabe pamene ndikulemba pano.

Tsopano ndikuuze za ine, kuti usaganize kuti ndikulankhula ngati munthu amene sanalakwepo.

Uli wamng'ono, usanayambe sukulu, ndinali mphunzitsi wamkulu pasukulu yathu yapafupi ndi doko ija. Ndinali ndi chizolowezi chimene anthu ankandiseka nacho. Padoko panali mtengo wokhomedwa m'madzi womangirirapo mabwato, ndipo Loweruka lililonse ndinkapita ndi mpeni nkukadula kachizindikiro pamene madzi alekeza, kenaka nkulemba m'kope. Ndinali nditawerenga kuti nyanja yathu ya Chilwa ilibe mtsinje wotulukira, ndi yosaya, ndipo inaphwapo kale. Nkhalamba za kuno zinkanena zomwezo. Ndinkafuna kudzionera ndekha. Zaka ziwiri zotsatizana mvula inavuta, ndipo zizindikiro zanga zinayamba kutsika mtengo uja ngati makwerero. Ndiye kunabwera uthenga woti kudzabwera alendo akuluakulu pa boti la injini, ndipo a Nakoma, amene anali atangosankhidwa kumene, anaitanitsa msonkhano pabwalo la sukulu. Anati mudzi uliwonse utute miyala timange jeti, mlatho wolowa m'madzi wokochezapo boti, ndipo ntchitoyo iyambe msanga ngakhale inali nyengo yowokera mpunga. Anati chiyambire ufulu nyanja yadzaza, nsomba zachuluka, zonse chifukwa cha utsogoleri wanzeru. Anthu anaomba m'manja. Ine ndinaimirira ndi kope langa, nkuwerenga zimene ndinayeza, mwezi ndi mwezi. Ndikanalekera pomwepo mwina zikanatha bwino. Koma ndinaona kuti anthu akumvetsera, mtima unandikoma, ndipo ndinawonjezera kuti, "A tcheyamani, jetiyo tikamamaliza, boti la alendowo lidzafunika matayala." Bwalo lonse linaseka. Ngakhale anyamata a chipani, a malaya ofiira aja, anabisa nkhope. A Nakoma sanaseke.

Ndikubwerezanso kuti umvetse: manambala anga a Nakoma akanatha kuwameza. Chimene sakanatha kumeza ndi kusekedwa pamaso pa anthu amene amawalamula. Ndinanena zoona, koma theka la chimene chinandiimiritsa linali kufuna kuonetsa kuti ine ndinawerenga mabuku, iwo analekezera sitandade 4. Udzifunse wekha kuti Loweruka lija, mwa mawu ako aja, angati anali a Yohane ndipo angati anali a Esinati amene wakhoza mayeso ndipo akupita kukaphunzira unamwino. Usandiyankhe ine. Udziyankhe wekha.

Chimene chinatsatira sichinali chimene ndinkayembekeza. Ndinkaganiza kuti kubwera galimoto kudzanditenga. Sikunabwere galimoto. Kunangoyamba kumveka mawu oti aphunzitsi aja ndi chigawenga, amamvera wailesi yakunja, amalemba zinthu m'kope zotumiza kutsidya. Sabata yotsatira tinali ndi dima pa puloti yathu ya kusikimu ya mpunga wothirira. Ukudziwa mmene timachitira: mbande zikakula sizidikira, ndiye umafulula thobwa, nkuitana anzako, adzakuthandize kuwokera tsiku limodzi, mawa lake iwenso nkupita kwa wina. Amayi ako anafulula mitsuko iwiri ikuluikulu. Tinaisenzera kusikimu m'mamawa, tinaiika pamthunzi, nkuyamba kuzula mbande. Dzuwa linakwera. Sikunabwere munthu ngakhale mmodzi. Anthu amene ife tinawawokera sabata yathayo ankadutsa pamsewu wa m'mbali mwa ngalande atayang'ana kumbali ngati kuli chinthu chochititsa chidwi ku phiri la Mpyupyu. Tinawokera masiku asanu ndi limodzi, ambiri mwa iwo tili awiri, iwe utakhala pamzere ukusewera ndi matope, mbande zina zinakalamba, thobwa linasasa tinakathira m'ngalande. Kutchalitchi benchi yathu inkakhala ndi malo ambiri. Kumapeto kwa teremu ananditsitsa paudindo, anabweretsa mphunzitsi wamkulu wina.

Koma chimene chimandipweteka mutu mpaka lero ndi ichi. Anthu omwewo ankabwera. Sankabwera pakhomo, ankazungulira kuseri, kukhola la mbuzi, ngati akudutsa chabe. "Aphunzitsi, munanena zoona tsiku lija." "Aphunzitsi, ife tonse tili kumbuyo kwanu, kungoti mukudziwa mmene zinthu zilili." Ndinayamba kuwawerenga, poti ndine munthu wowerenga zinthu, ndipo ndinapeza kuti pafupifupi bwalo lonse lija linkagwirizana nane. Aliyense payekha ankadziwa kuti madzi akuthawa, ankaona ndi maso ake popita kukavuula mono. Koma aliyense ankaopa mnzake, mnzakeyo akuopanso iye. Ndinafunsa mkulu wina kuti, "Nanga ngati muli kumbuyo kwanga, bwanji kudima kuja simunabwere?" Anati, "Aa, aphunzitsi, kusikimu kulibe pobisala." Umvetse bwino pamenepa, mwana wanga. A Nakoma ndi munthu mmodzi wokhala ndi njinga imodzi. Sangalondere midzi yonseyi. Ntchito yawo timawagwirira ndife, mwaulere, pongoyang'ana kumbali. Ku Blantyre ukapeza zomwezo. Ukadzalankhula, adzabwera ambiri kudzakunong'oneza kuti wanena bwino. Usawawerengere. Ameneyo ndi munthu amene akufuna kupepukidwa mumtima popanda kulipira kanthu, ndipo tsiku la dima sudzamuona.

Jeti inamangidwa. Anthu anatuta miyala pamutu kuchokera kuphiri, mpunga wawo ukuchedwa. Ilipo mpaka lero, waiona, ndi mulu uja wa miyala umene ana amaanikapo matemba. Chaka chimene anaimaliza inaima pamtunda, mbuzi zikugona pamthunzi pake. Ndinapambana mtsutso, ndipo kupambanako sikunandithandize chilichonse, ndiponso sikunabwezere aliyense mpunga wake.

Cholakwa changa chachiwiri ndicho chachikulu, ndipo amayi ako okha ndiwo akuchidziwa bwino. Chaka chotsatira nyanja inathawiratu. Asodzi ankakankha mabwato m'matope mtunda wautali, zimbowera zawo, tinyumba tija timayandama pa njedza, zitakhala pansi pouma. Kunabwera akuluakulu a chipani ochokera ku boma kudzaona chitukuko, pa galimoto, ndipo anatisonkhanitsa pafupi ndi jeti ija. Ukuwadziwa Che Sumaili, msodzi wokalamba uja wotsimphina amene amakupatsa nsomba za makumba ukadutsa padoko. Nthawi imeneyo anali wamphamvu, wa mabwato awiri, ndipo anali mnzanga. Ndiwo okha, pamodzi ndi akazi awo, amene anabwera tsiku lachitatu kudzatithandiza kuwokera nthawi ija anthu anatithawa, ngakhale mpunga sinali ntchito yawo. Mlendo wina atafunsa ngati pali wofuna kunenapo kanthu, funso limene aliyense amadziwa kuti silifuna yankho, Che Sumaili anaimirira. Anati, "Bwana, ife tinatuta miyala pachabe, ana athu alibe chakudya. Tinauzidwa kale kuti madzi akupita. Aphunzitsi awa ali nalo buku, amayeza sabata iliyonse." A Nakoma anatembenukira kwa ine, akumwetulira, nkunena kuti, "Aphunzitsi, mwamva. Buku lanulo likuti chiyani?"

Kope lija linali m'nyumba, pansi pa matiresi, lolembedwa mpaka Loweruka la sabata yomweyo. Mtengo utatsala pouma ndinali nditayamba kuyeza ndi mapazi, kuchokera pamtengo kukafika pamene madzi ayambira. Ndinaganiza za mitsuko iwiri ija. Ndinaganiza za ntchito, za iwe, za mlongo wako amene anali m'mimba. Ndinati, "Chaka chino sindinayeze." Mawu atatu basi. Sindinawanenere Che Sumaili choipa chilichonse, sindinati akunama. Ndinangowasiya ataima okha. Anawakweza m'galimoto yomweyo alendo aja pobwerera. Anabwerako patadutsa mvula ziwiri, mwendo utapindika, mano akutsogolo palibe, mabwato atawola. Sananenepo kumene anali, ndipo palibe anawafunsa.

Chaka chimenecho dima lathu linadzaza. Anthu anabwera ambiri mpaka thobwa linaperewera, tinamaliza puloti yonse dzuwa lisanafike pamutu, akuimba. Mpunga umenewo unadya nawo. Kutchalitchi anandisankha kukhala mlembi. Ndinakhalanso munthu pakati pa anthu, ndipo mtengo wake unali mwendo wa Che Sumaili. Mpaka lero sanandinyozepo. Tikakumana amandipatsa moni mwaulemu, "Muli bwanji aphunzitsi, kunyumba kuli bwanji?" Kenaka amafunsa, nkhope ili phee, "Mukuyezabe?" Zaka zonsezi, funso lomwelo. Ndikanakonda akanandimenya kamodzi zithe.

Ndiye ukuona kuti bambo ako analakwa mbali zonse ziwiri. Ndinalankhula pamene kulankhulako kunali kudzionetsa, ndipo ndinatseka pakamwa pamene munthu anaika moyo wake pa umboni wanga. Ukandifunsa kuti chachikulu nchiti, ndi chachiwiricho, kutalitali. Choncho usamve ngati ndikukuuza kuti ukakhale chete. Amayi ako ndiwo akufuna zimenezo, akuti ndikuuze kuti ukatseke pakamwa zaka zonse za sukulu, uzikatsegula podya pokha. Sindingakuuze zimenezo, chifukwa ndinayesa ndipo ndikudziwa kukoma kwake ndi kuwawa kwake. Komanso sindikuuza kuti uzikalankhula paliponse pamene lilime layabwa. Lamulo loyera bwino ndilibe. Ndili ndi zochepa zimene ndaziona zikugwira ntchito.

Usanatsegule pakamwa, uziyang'ana kaye kuti akalipire ndani. Ngati ndi iwe wekha, ndi nkhani yako, ndiwe wamkulu tsopano. Ngati ndi mayi ngati a Nasibeko, amene sangakwere basi mawa nkuchoka, ulibe ufulu wowagwiritsa ntchito ngati chitsanzo popanda kuwafunsa. Ndipo usamaseketse anthu ndi munthu waudindo. Uli ndi lilime langa, ndakumva ukuyerekeza kalankhulidwe ka a Nakoma kukhitchini, anzako akugubuduka ndi phwete. Zimenezo uzisiye kuno. Munthu ukamuuza payekha kuti walakwitsa, nthawi zina amakonza mwakachetechete nkunena kuti anaganiza yekha, ndipo zilibe kanthu, bola chinthucho chakonzedwa. Ukamuseketsa pagulu, adzamanga jeti yake ngakhale pamwamba pa phiri.

Kuhositelo ukagona ndi atsikana ochokera kosiyanasiyana. Mwa iwo adzakhalapo wina amene amakanena, mwina osati chifukwa cha nkhanza, koma poti anamuopseza kapena anamulonjeza kanthu. Sudzamudziwa ndi nkhope. Kawirikawiri ndi uja amayambitsa yekha nkhani, "Koma abale, zinthu m'dziko muno," kenaka nkudikira kuti wina amalize. Usamalize chiganizo cha munthu wina. Ndiponso chimene mnzako wanena muli awiri, chithere pomwepo. Akadzakufunsa aliyense kuti uje amalankhula zotani, uziti mumakamba za mayeso. Apo ndikukuloleza kuiwala.

Koma pali malo amodzi pamene sindikufuna kuti ukagonje, ndipo ndi chifukwa chake ndikufunitsitsa kuti ufike kusukuluko osabwezedwa. Ukadzayamba kugwira ntchito m'wodi, adzakubweretsera ana onga Yohane. Udzakhala ndi khadi ndi cholembera. Ulembe chimene waona. Ngati mwana watupa ndi njala, usalembe malungo chifukwa choti wina waima kumbuyo kwako. Taganiza mmene zimayendera: pakhadi pakalembedwa malungo, lipoti lopita kuboma limati malungo, ndipo kuboma amatumiza mapiritsi a malungo kumudzi kumene kukufunika chimanga. Ndinaziona kuchipatala chathu chaching'onochi, makatoni a mapiritsi ali mbwee, ana akufa ndi mimba zopanda kanthu. Dziko limene anthu ake saloledwa kutchula njala silingathe kuithetsa, chifukwa pamapepala ake njalayo kulibe. Mawu amodzi olembedwa pakhadi ndi namwino amalemera kuposa mawu khumi oponyedwa pamaliro. Pamaliro paja unangotaya chipolopolo. Usunge mphamvu zako pamene zingasinthe kanthu. Ndipo tsiku lina munthu akadzaima yekha nkuloza iwe kuti, "Uyu anaona, mufunseni," usadzayankhe ngati bambo ako. Ndikubwereza: usadzayankhe ngati bambo ako.

Tsopano za lero, chifukwa ukuyenera kudziwa mmene zinthu zilili usanakwere basi. Dzulo a Nakoma anatumiza uthenga kuti ngati supita kukagwada pamaso pa komiti nkunena kuti unanama, alembera kalata akuluakulu a sukulu yako kuti akutumizirani mwana wosokoneza. Ukudziwa kuti kalata yotero siyankhidwa, munthu amangopatsidwa sutikesi yake pageti. Sindinakuuze chifukwa ndikukudziwa, ukanapita komweko nkukawonjezera. M'mawa uno, iwe uli kumjigo, ndinagwira nkhuku ziwiri. Yoyamba ndinapita nayo kwa a Nasibeko, pamodzi ndi kalichero ka mpunga kamene amayi ako anapatula pa wathu wotsalawu. Ndinapepesa m'dzina lako. Mayi aja analandira, nkunena kuti, "Mwana wanu sananame, aphunzitsi, koma akanandisiya ndilire kaye." Mawu amenewo uwasunge, ndi ako.

Yachiwiri ndinapita nayo kwa a Nakoma. Ndinawapeza akupopa njinga. Akalamba nawonso, ndipo ndinaona kuti lamba wawo waboola mabowo atsopano ngati wanga. Ndinakhala pansi, ndinati, "A tcheyamani, mwana wanga analakwa. Analankhula pamaliro popanda kupatsidwa mpata, anadula mawu a akuluakulu, anachititsa manyazi anamfedwa. Ndine ndinamulera, ndiye ndabwera ndine." Anayang'ana nkhuku ija, nkuti, "Yaonda." Ndinati, "Chaka chake." Anaseka pang'ono, kenaka anasiya. Anati, "Za mwambozo ndamva. Koma inu aphunzitsi ndinu odziwa zinthu, mumawerenga. Tandiuzani pano, pali mboni ziwirizi. Mwana uja anafa ndi chiyani?" Pakhonde panali mlembi wa nthambi ya chipani ndi mnyamata wina wa malaya ofiira. Ndinazindikira funso lija, Esinati. Ndi lomwe lija la pajeti, langosintha malaya. Yankho linali lokonzeka kale pakamwa panga, loti ine si dokotala, sindinamuyeze. Likanatha bwinobwino, ndipo nkhuku ikanagwira ntchito yake.

Ndinati, "Ndinamudina pamwendo ndi chala changa, a tcheyamani. Inali njala. Inunso mukudziwa, poti akazi anu ndinakumana nawo Lachiwiri akuchokera kudambo ndi dengu la nyika." Sindinakweze mawu, ndipo sindinaseketse aliyense. Mlembi uja anayamba kuyang'ana zala zake. Kenaka a Nakoma anati, "Mwanayo ndi mwana, apite, sindilemba kalata. Zaonekeratu kumene anazitenga. Koma ine ndi inu, aphunzitsi, sitinathane." Ndinati ndamva. Nkhuku anaisunga.

Ndiye upita. Malo ako ali bwino, malinga ngati iwe mwini sukawataya. Usandione ngati ngwazi, chifukwa ndachedwa ndi zaka zoposa khumi, ndipo mwendo wa Che Sumaili suwongoka chifukwa cha zimene ndanena lero. Usadenso nkhawa mpaka kulephera kuwerenga. Mwina andisamutsira kusukulu ya kutali, mwina angondisiya ndiziopa, imeneyonso ndi njira yawo. Chimene ndikukupempha ndi chakuti usapangitse kuti zimene ndachitazi zipite pachabe chifukwa cha nthabwala imodzi ya mu basi. M'makalata ako uzilemba za maphunziro, za chakudya, za nsapato. Makalata amatsegulidwa. Zina tidzakamba pa holide, tili awiri kumunda.

Mankhwala a malungo ndakuikira m'thumba la m'mbali, pamodzi ndi sopo ndi ulusi. Dikishonale yanga ija utenge, koma udzabweze. Basi imafika pa siteji dzuwa likangotuluka ndipo sidikira, ndiye usayambe kufunafuna chipeso nthawi imeneyo monga umachitira.

Mbande zathu zakula, Loweruka tikuwokera. Nkhani ya m'mawa uno yafika kale kumjigo ndi kudoko, ndipo masana ano anthu awiri adutsa kale kukhola la mbuzi kudzandiuza kuti ali kumbuyo kwanga. Ndawauza amayi ako kuti afulule thobwa la anthu awiri basi, chifukwa umboni ulipo, tinaziona kale, ndipo chimera chaka chino nchosowa. Akana. Akuti afulula mtsuko wonse, akausenzera kusikimu, akauika poonekera, kuti aliyense wodutsa pamsewu wa ngalande auone ndipo adziwe chimene akuchilambalala. Ndayesa kuwafotokozera kuti kumeneko nkuwononga, sakundimva. Awa ndi amayi omwe aja akuti iwe ukatseke pakamwa. Ndiye ukamadzafufuza kumene unatenga khalidwe lakoli, usadzaloze ine ndekha.

Uyende bwino, ukaphunzire, ndipo kalatayi uyiwotche.

Ndine bambo ako.